Loboti ya pa Njanji ya Mkamwini Wanga

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope. Iwe Fulaisoni ukuseka chiyani, unayamba waigwirapo kompyuta iwe?

Mkamwini wanga, mphunzitsi wa pa Namitambo, anabwera nayo kuchokera ku tauni, muli masewera omanga njanji. Munthu wandevu zake, akaweruka basi pampando, kumanga njanji zabodza munda uli thengo. Chinamuzunguza mutu ndi mphambano imodzi: akati aike loboti yoimitsa sitima pa njanji iyi, iyo n'kulumpha kukamatirira pa inayo, sitima n'kungoyang'anizana ngati atonde. Mwana wanga Esinati anabwera akulira. "Ababa, sandiyang'ananso. Loboti ija ikapanda kukhazikika ine ndibwerera kuno."

Ndinapsa mtima. Nditafika ndinati, "Aphunzitsi, tasunthani." Anandipatsa kanthu kamchira, ati dzina lake mbewa. Mbewa! Kupatsa ine, amene ndinakumba una umodzi pa Mikolongwe n'kukatulukira ku Mozambique kwa amalume, mbewa ili m'manja?

Ndinaigwira pakhosi, inalira, ndinaitsina mchira, loboti inalumpha, ndinaitsata njanji ndi njanji mpaka inasowa kothawira, inatulukira kuseri kwa kompyuta, pawindo, m'munda wa nandolo, ine pambuyo nsapato ndataya, mpaka pa Namadzi pamene ndinaipeza ili psuu pakati pa msewu itaimitsa maminibasi onse, makondakitala akuipempha ndi ulemu, mukumva? Ndinaigenda ndi chibonga, kuisenza paphewa ikuphethira, kuikankhira m'galasi la kompyuta muja mpaka dzanja langa linalowa kulekeza m'khwapa, ndipo ndinaizika chapatali ndi mphambano, pajatu msampha satchera pakamwa penipeni pa una, n'kuimanga ndi luzi.

Sitima zinadutsa! Utsi unadzaza nyumba, nkhuku zinabalalika, ndipo kulira kwake kunatulutsa ana m'kalasi poyesa ndi belu. Ndikunama ine? Taonani chipsera ichi, inandiotcha ndi sitima ya malasha.

Za ukwati mukufunsazo n'zina. Mkamwini ataona kuti zatheka anandigwira chanza, maso ali pagalasi, n'kuyamba mphambano ina yoposa ija. Esinati ndi ameneyo mukumumva akusinja kuseriko. Koma loboti yanga, ndikulumbira, mpaka lero sinasunthe.