Foni Inandiveka Zikopa kwa Apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba pa ukwati wathu, ndipo anachita bwino. Koma poti ku Embangweni ngakhale ana obadwa dzana akuidziwa, bola muimve kwa mwini wakene, manyazi ake ndisenze ndekha.

Ine ndine Yohane Kamphinda, kwathu ku Dowa. Ananditumiza ku Mzimba kukaphunzitsa masamu ndi kompyuta pa sekondale ina pa boma pomwepo. AI itayamba kutchuka, katswiri wake pasukulupo ndinali ine. Sikuti ndinkadziwa zambiri ayi, kungoti foni yosasweka galasi inali yanga yokha.

Ahedi anandipempha kuti ndiwatsegule m'maso aphunzitsi anzanga. Ndinaima mu staff room, choko m'manja ngakhale panalibe choti ndilembe.

"AI ndi makina amene anawerenga zinthu zambirimbiri zimene anthu analemba," ndinatero. "Ukawafunsa, amalumikiza zimene anawerengazo n'kukuyankha ngati munthu. Scheme of work amalemba. Mafunso a mayeso amapanga. Mukajambula tsamba la chimanga lodwala, amakuuzani chimene mwina chikulidya."

A Gondwe a Geography anafunsa ngati makinawo angawachongere makope a Form 2B. Ndinati ayi, mtanda umenewo ndi wawo.

Ndinamaliza ndi chenjezo, chala m'mwamba: "Koma anzanga, makinawa sanapondepo ku Mzimba kuno. Akakuyankhani, mufunsenso munthu wodziwa." Anandiombera m'manja. Mawu amenewa inu muwasunge, chifukwa ine sindinawasunge.

Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Tiwonge, namwino, mwana wa a Ndhlovu a ku Embangweni. Ndinkamukonda moti ndinasiya kudandaula za kuzizira kwa Mzimba. Vuto linali bambo ake. A Ndhlovu anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, Mngoni wosaseka pachabe. Mnyamata wina amene anandiyambirira anakanidwa chifukwa anapereka moni dzanja lina lili m'thumba.

"Adada amamuona munthu kamodzi basi," Tiwonge anandichenjeza. "Akakukana, mbwenu yatha. Ine sindingawadumphe."

"Ndiye ndikachite chiyani?"

"Uvale suti yako ija. Upereke moni, umwe tiyi, uzibwerera. Zina zonse adzayendetsa ndi thenga." Thenga ndi munthu amene amakuyankhulira kuchikazi, monga achitira ankhoswe kwathu.

Ine ndinaona kuti zimenezo zachepa. Munthu woopsa chonchija ungamugonjetse ndi suti ndi tiyi? Ndinati mkaziyu akungondichepetsera mayeso chifukwa cha chikondi. Ndinatenga foni n'kuifunsa pa Chingerezi kuti mkamwini amafika bwanji kwa apongozi a Chingoni, abale awo a Azulu. Ndinawonjezera kuti ndikufuna mwambo weniweni wa makolo, osati wosungunula.

Inayankha mosazengereza, ndipo inayankha zokoma. Inati kale munthu ankavala za chikhalidwe. Sankalowa pakhomo, ankaima pachipata n'kumafuula mayina otamanda mtundu wa eni mudzi mpaka wina atamulandira. Inandipatsa mayinawo, a Chizulu okhaokha. Inati mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, amanjuta, ndipo sayankhula nawo yekha. Inati kamphatso ka fodya wamphuno kamasangalatsa akuluakulu. Kumunsi kunali kandime kena, koma ndinakaona ngati timawu tating'ono tija ta pa paketi ya mankhwala, timene palibe amawerenga.

Zovala sizinavute. Sukulu yathu inali ndi gulu lovina ingoma, gule wa Angoni, ndipo kiyi wa kabati yawo ankakhala mu staff room. Ndinabwereka zikopa za m'chiuno, kachikopa kakumutu, chishango, chibonga, kachikwama ka chikopa ndi timabelu ta m'miyendo. Tiwonge sindinamuuze. Ndinkafuna ikhale surprise, ndipo kunena zoona inakhaladi surprise.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni. Amene anakhalako ku Mzimba mu Juni akudziwa kuti mphepo yake imalowa ngakhale m'jekete. Tiwonge anali atatsogola kale, ndipo tinapangana kuti akandichingamira pa siteji. Ine ndinatsika minibasi tisanafike pa siteji, ndinazemba kuseri kwa chigayo, ndinavula suti n'kuipinda bwinobwino m'jumbo. Ndinatuluka chifuwa pamtunda, miyendo ikulira ngwerengwere, n'kudutsa njira yachidule. Mayi wina amene ankachokera ku chigayo anatula ufa pansi n'kundipatsa njira yonse. Ndinati ulemu wayamba kale.

Nyumba ya a Ndhlovu sinavute kupeza, Tiwonge anali atandilongosolera: ya malata, mpanda wa maluwa, khola la ng'ombe kumbuyo. Chimene sanandiuze n'chakuti tsiku limenelo amayi a mpingo ankakumana pakhonde pawo. Anali atadzaza khonde lonse, mayunifolomu awo ochapa bwino, mabuku a nyimbo pamiyendo. Pampando pakona panali a Ndhlovu, atavala suti yakuda ndi tayi.

Munthu wanzeru akanabwerera kuseri kwa chigayo. Ine ndinaganiza kuti mboni zachuluka, zinthu zayenda.

Ndinaima pachipata, ndinakweza chibonga, ndinafuula: "Ndhlovu!" Kenako ndinakhuthula mawu onse a Chizulu aja, amene tanthauzo lake sindinkalidziwa ngakhale limodzi. Nyimbo inadukira pakati. Galu anatuluka, anandiyang'ana, anabwerera.

Palibe anandilandira. Foni inati upitirize mpaka akulandire, ndiye ndinapitiriza, mokweza kuposa poyamba. Apa n'kuti mphepo itandipeza. Mano anayamba kugundana, mawondo kunjenjemera, ndipo timabelu tija tinkalira tokha popanda ine kuvina.

A Ndhlovu anaimirira n'kubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Mwatandala uli, adada? Tikuthandizeni?"

Ndinanjuta msangamsanga, maso pansi, pakamwa tseke. Mkamwini sayankhula yekha ndi apongozi. Thenga ndinalibe, choncho ndinangokhala chete, ndikunjenjemera, ndikuyang'ana nsapato zawo. Zinali zopolisha bwino.

"Mwachokera kuti?"

Chete.

Ndinakumbukira mphatso. Ndinatulutsa kabotolo ka fodya n'kukapereka ndi manja awiri kwa mkulu wa mpingo, pamaso pa amayi onse a mpingo wake.

Pamenepo mayi wina wamkulu thupi, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi a NyaMoyo, mtsogoleri wa amayiwo, anatsika pakhonde akugwedeza mutu.

"A Ndhlovu, musavutike. Munthu uyu walwara. Ni vyanusi ivi."

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti vyanusi n'chiyani. Ndinaganiza kuti ndi dzina laulemu la mkamwini, ndipo ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinadzamva mochedwa kuti kumeneko munthu akagwidwa ndi mizimu ya vimbuza ya mtundu umenewu amanjenjemera, amafuna zikopa ndi fodya, ndipo amayankhula Chingoni chakale chimene iye mwini sachidziwa. Kunena mwachilungamo, a NyaMoyo sanalakwitse chizindikiro ngakhale chimodzi.

Mayi wina ananong'ona kuti kuseri kwa phiri kuli munthu wodziwa ng'oma zake.

"Pakhomo panga ng'oma yayi," anatero a Ndhlovu. "Mupempherereni."

Anandizungulira. Wina anandilanda chibonga mwaulemu, wina anandifunditsa chitenje, ndipo ndivomere kuti chitenjecho ndinachilandira ndi mtima wonse. Anayamba nyimbo. Mumtima ndinati foni ija ndi yakatundu, taonani mwambo wolandirira mkamwini ukuyenda. Ndinkangodabwa kuti bwanji ena akulira.

Nyimbo itatha, a NyaMoyo anandigwira pamutu ndi dzanja lolemera.

"Ndiwe njani iwe? Yowoya, yankhula. Ukufuna chiyani pa nyumba ya mulala wa mpingo?"

Ndinaganiza mofulumira. Foni inaletsa kuyankhula ndi apongozi, koma mayi awa sanali apongozi. Mwina ndiwo thenga amene andipatsa. Ndinakonza kukhosi, ndipo ndi mawu onjenjemera ndi mphepo ndinati:

"Ndikufuna Tiwonge."

Mayi ake a Tiwonge anakhala pansi pomwepo, pa dothi. Amayi ena anakuwa. A NyaMoyo anandikanikiza mutu mpaka chibwano chinagunda chishango.

"Tiwonge umutore yayi! Mwana yura ngwa Chiuta!"

"Ndapota, ndimamukonda," ndinatero.

"Fuma! Choka!"

"Ndachokera kutali."

"Tikudziwa. Uwerere kwenekuko!"

Apa m'pamene ndinayamba kukayika. Pa zonse zimene foni inandiuza, panalibe zoti akuuza kuti ubwerere. Mantha anandigwira enieni, osati a mphepo. Ndinaona kuti mwayi wanga umodzi uja ukuthera pa chipata, ndili m'chitenje cha eni ake.

Kenako ndinamva mawu amene ndimawadziwa, kumbuyo kwa gululo.

"Kwachitika vichi? Walwara ni njani?"

Anali Tiwonge, atatopa kudikira munthu wa suti pa siteji. Monga namwino, anapatula anthu kuti aone wodwala. Anagwada, anakweza chitenje, anandiyang'ana. Ine ndinamuyang'ananso. Anabwezeretsa chitenjecho mmene chinalili, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti andisiya momwemo.

"Adada," anatero osakweza mawu, "uyu ndi Yohane."

"Yohane uti?"

"Mlendo wanu wa lero. Mphunzitsi uja."

"Wa kompyuta?"

"Enya."

Bata limene linagwa pamenepo sindinalimvepo ngakhale m'chipinda cha mayeso. Timabelu tokha ndi timene tinkayankhula.

Anandilowetsa m'nyumba. Jumbo ya suti inali itatsala kuseri kwa chigayo, ndiye a Ndhlovu anandibwereka jasi lawo lalitali. Ndinakhala pa sofa, jasi pamwamba, zikopa pansi, kapu ya tiyi m'manja. Tiwonge anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, osandiyang'ana. Kunja amayi anayamba nyimbo yothokoza.

"Aphunzitsi," anayamba a Ndhlovu, "anakutumani ndani?"

Ndinalingalira zonamizira a Gondwe a Geography, koma ndinatulutsa foni m'kachikwama ka chikopa n'kuwapatsa. Anavala magalasi. Anawerenga zonse mosathamanga, monga munthu wochonga composition, chala chikutsetsereka pa galasi. Penapake anati, "Hmm, izi agogo anga ankazikamba." Penanso anati, "Izi ndi za ku Joni, kuno sizinafike." Atafika kumunsi anaima, n'kuwerenga mokweza kandime kaja kamene ine ndinakadumpha. Kankati miyambo imasiyana banja ndi banja, zambiri mwa izi n'zakale ndiponso za dziko lina, choncho ndi bwino kufunsa mkazi amene ukufuna kumukwatirayo kapena abale ake.

"Munamufunsa?"

"Anandiuza yekha, bambo."

"Anati chiyani?"

"Anati ndivale suti."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Ndiye kuti makinawa anakuuzani zoona, mwana wanga anakuuzani zoona, inu munasankha kuzizidwa."

"Ndi choncho, bambo."

Anandibwezera foni. Ine mtima unali m'malere. Ndinayamba kuwerengera mmene ndikapemphere transfer yobwerera ku Dowa, chifukwa Mzimba wopanda Tiwonge sindikanamutha.

"Mnyamata woyamba uja anabwera dzanja lili m'thumba," anatero potsiriza. "Inu mwabwera opanda thumba lomwe. Munthu wolola kuvula malaya mu Juni chifukwa cha mwana wanga, nzeru zingamuchepere, koma mtima ali nawo. Nzeru Tiwonge ali nazo zokwanira anthu awiri. Mutumize thenga."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa kapu. "Yewo chomene, bambo. Ndipita ndikawafotokozere amayi aja kuti sindimadwala, inali foni chabe."

"Khalani pansi."

Ndinakhala.

"Mukumva nyimboyo? A NyaMoyo akhala akupempherera odwala zaka zambiri, ndipo lero ndi koyamba kuona munthu akuchira pompopompo. Simuwalanda zimenezo. Chinanso, ine ndine mkulu wa mpingo. Mkweni, kwanu mumati mkamwini, amene anadwala n'kuchira pakhomo panga, ameneyo ndingamuonetse kwa anthu. Koma mkweni amene anavulidwa malaya ndi telefoni, ndikamufotokoza bwanji?"

"Ndiye ndinene kuti chiyani, bambo?"

"Munadwala. Mwachira. Imwani tiyi."

Tinakwatirana chaka chotsatira. AI ndimaigwiritsabe ntchito, ndipo imandithandiza kwambiri, kungoti masiku ano ndimayamba kuwerenga kumunsi. Apongozi nawonso anaizolowera, amaifunsa za nkhupakupa za ng'ombe zawo kenako n'kukafunsanso alangizi.

Koma mpaka lero tikapita ku Embangweni, a NyaMoyo amandiimitsa pakhomo la tchalitchi, amandigwira pamutu pamaso pa anthu, n'kufunsa mwachifundo: "Vyanusi vira vikwizaso yayi?"

Ine ndimayang'ana apongozi. Apongozi amayang'ana kumwamba.

"Sizibweranso, amama," ndimayankha. "Pokhapokha netiweki ikakhala bwino."

Ndinaphunzirapo kuti foni imakuuza njira ya kwa apongozi, koma pachipata umanjenjemera wekha.