Mmene ndinagwirira wakuba mazira ndi kalkuleta

Anzanga, munthu wophunzira pang'ono amavuta kuposa amene sanaponde m'kalasi, ndipo umboni wake ndine.

Zaka zija mafakitale akugulitsidwa, ine ndinali m'gulu la ochotsedwa ntchito kuno ku Kafue. Ndinagula nkhuku zoikira makumi awiri, ndipo kuti mutu usachite dzimbiri ndinalembetsa kosi ya sitatisitiki, masamu a kafukufuku, Loweruka lililonse kufupi ndi Boma. Aphunzitsi athu, ba Mwiinga, anatipatsa ntchito yakuti aliyense awerenge chinthu cha pakhomo pake kwa mwezi umodzi, kenako ayese ganizo. Anati umayamba ndi kuvomera kuti palibe chachilendo chikuchitika, ndipo ganizo limenelo sulitaya pokhapokha manambala atakukakamiza.

Ine ndinasankha mazira. Choipa n'chiyani pamenepo? Masana aliwonse ndikabwera kofuna maganyu, ndinkalowa m'khola, kuwerenga, n'kulemba m'kope.

Sabata yachitatu ndinaona kanthu. Masiku ambiri mazira ankakhala khumi ndi asanu kapena kupitirira, koma masiku ena ankatsika mpaka asanu ndi anayi. Nditayang'anitsitsa madeti, ndinapeza kuti amatsika tsiku limene neba wanga ba Tembo, ogwira ntchito kunjanji, ali pa ofu, osapita kuntchito. Mpanda wathu unali waudzu, ndipo unali ndi mpata woti munthu wochepa thupi n'kudutsa. Ba Tembo ndi ochepa thupi.

Ndinakhala pansi ndi kalkuleta. Ndinapeza avereji ya masiku amene iwo ali kuntchito, ndinaika malire a pansi ndi a pamwamba, aja aphunzitsi ankati tingawakhulupirire maulendo 95 pa 100. Avereji ya masiku a ofu inakagwera kunja kwa malire, kutali kwenikweni. Ganizo lakuti palibe chachilendo ndinalikhwatcha ndi bolopeni yofiira mpaka pepala linabooka.

Kuyambira pamenepo moni wanga unafupika. Ba Tembo akaseka ndi akazi awo, ine ndinkati akuseka ine. Ndinawaza phulusa pampata paja, mawa lake ndinapezapo mapazi a patapata yaing'ono, ndiye ndinati mwaona kuchenjera kwake, akuvala patapata ya akazi awo kuti andisokoneze. Tsiku lina anatibweretsera nsomba kuchokera ku Chanyanya, ine mumtima ndinati chikumbumtima chayamba kuwadya. Nsombayo ndinadya, koma mokwiya.

Mkazi wanga, amake Chisomo, sindinamuuze kanthu, poti ndinkaona kuti nkhani za sayansi zingomutopetsa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ndinapempha mkulu wampingo kuti aitane mabanja awiriwa pansi pa mtengo wa mango. Anthu ena anachedwa dala kunyamuka. Ndinatambasula kope langa pabenchi n'kufotokoza za avereji ndi malire, mkulu wampingo akungogwedeza mutu ngati akumva.

"Manje mufuna kukamba chani, m'bale?" anafunsa pomaliza.

"Nili na chitsimikizo cha 95 pa 100 kuti mazira yanga yamayenda na ba Tembo."

Ba Tembo anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo chimenecho chinandiopsa.

"Ni zoona," anatero. "Yamayenda na ine. Pa njinga."

Ndinatembenukira kwa anthu aja monyadira, koma mkazi wanga anali ataimirira kale, akumanga chitenje chake mwamphamvu.

"Batate bake Chisomo, amai banu bali kuti?"

"Ku Chanyanya, kwa mlongo wanga."

"Pamene banachoka m'chipatala, banesi banakamba kuti bazidya chani kuti bapeze mphamvu?"

Ndinakumbuka. Ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndine ndinayankha kuti mazira si vuto, nkhuku tili nazo.

"Ndine nimatenga m'mawa, nawapasa ba Tembo pa mpanda, beve bakapita kukagula nsomba bapereka kwa amai banu. Miyezi iwiri manje. Imwe mwapitako kangati?"

"Nanga bwanji sunaniuze?"

"Munanifunsa? Mufunsa chabe kalkuleta."

Mayi wina kumbuyo anayamba kutsokomola, koma sichinali chifuwa. Ine thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinagwira dzanja la ba Tembo ndi manja awiri, iwo n'kungoti, "Osadandaula neba, koma tayala yakumbuyo yasila." Ndinawagulira tayala sabata yomweyo, ndipo ulendo wotsatira mazira ndinakapereka ndekha, pa njinga yawo yomweyo. Amayi anandilandira ndi funso lakuti, "Kodi a Tembo adwala?"

Chopweteka n'chakuti ba Mwiinga anandipatsa mamakisi apamwamba kuposa aliyense m'kalasi. Anati masamu onse anali olondola, ndipo pansi analemba kuti manambala amangokuuza kuti pali kusiyana, sakuuza kuti wakuba ndani.

Mpaka lero manambala ndimawakonda. Koma ndisanakhwatche ganizo lililonse ndimayamba ndafunsa amake Chisomo, ndipo kope silipitanso kutchalitchi.