Umboni Tinadyera kwa Apongozi

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo mukakumana nawo musawauze. Ndi yamanyazi.

Zaka za m'ma 1950 ndinali galadi wa nkhalango ya boma kumapiri a ku Dedza kuno. Ndinali ndi yunifomu ya khaki, ndipo ndinkayenda ngati nkhalangoyo ndinabzala ndine. Lamulo linali loti kutchera mbalame m'menemo nkosaloledwa.

Tsiku lina masana ndinapezerera a Lufeyo, bambo wachikulire wa ku Mphunzi, akuwonjola nkhwali pa msampha. Yonona bwino!

"Agaladi, pepani," iwo anatero. "Mayi akunyumba akudwala. Chakudya chilichonse akukana, akungoti msuzi wa nkhwali."

Mtima unandipweteka, koma yunifomu inandiuza kuti ndiume. "Lamulo ndi lamulo! Tiyeni kwa bwana. Nkhwaliyi ndi umboni."

Njira yopita kwa bwana, mzungu woyang'anira nkhalangoyo, inkadutsa pakhomo pa apongozi anga. Mkamwini sadutsa osalonjera, choncho tinapatuka. Nkhwali ija ndinaiika pakhonde.

Apongozi aakazi anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anagwada patali monga mwa mwambo, nkhope atayang'ana kumbali, nayamba kuwomba m'manja.

"Zikomo akamwini! Lero mwatikumbuka ndi kandiwo!"

Anainyamula n'kupita nayo kuseri. Munthu ungawauze bwanji apongozi, amene ngakhale kuwayang'ana m'maso suwayang'ana, kuti bwezani, si yanu?

"Agaladi," a Lufeyo ananong'ona, "umboni uja akuusosola."

"Khalani chete, ndikuganiza!"

"Agaladi, tsopano ukununkhira."

Mbale itabwera, ndinati ndingolawa mwaulemu. Abale, nkhwali si nkhuku! Ndinalawa mpaka kuphwanya mafupa. A Lufeyo anadya kamwendo kamodzi basi. Msuzi ankangouyang'ana.

Tinafika kwa bwana dzuwa litapendeka. Ndinamenya sawatcha, n'kufotokoza mlandu wonse mwamphamvu.

"Very good," mzunguyo anatero. "Nanga mbalame ili kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Ntchito yanga ndinaiona ikuuluka.

"Bwana," a Lufeyo anayankha modekha, "ilipo. Mwendo umodzi uli mwa ine. Kwina konseko kuli mwa agaladiwa."

Bwana anandiyang'ana nthawi yaitali, makamaka pa malaya, pomwe panali dontho la mafuta. Kenaka anauza a Lufeyo kuti azipita. Ine anandilanda chipewa n'kunditumiza kokalambula msewu mwezi wathunthu.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere si chipewa. Anali mayi odwala aja. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinagwira thadzi langa, akazi anga anaphika, ndipo ndinanyamula msuziwo mpaka ku Mphunzi.

Mayiwo ndinawapeza atagona pamphasa, ataonda kwambiri. A Lufeyo anawadzutsa n'kuwamwetsa pang'ono ndi sipuni. Mayiwo anameza, n'kutsegula maso, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ambuye akudalitseni, mwanawe," anatero ndi mawu otsika. "Koma iyi ndi nkhuku. Yanga ija ndinamva kuti inadyedwa ndi boma."

Anachira, tithokoze Mulungu. Koma mpaka tsiku lomwalira, akandiona pamsika ankandilonjera kuti, "Moni aboma, mwakhuta?"

Chimene ndinaphunzirapo nchakuti umboni wonona sudutsa nawo kwa apongozi.