Chambo cha Apongozi ndi Moto wa Ekizosi

Lolemba

Ndadzipachika ndekha ndi pakamwa pangapa. Loweruka likubwerali ndi chinkhoswe changa ndi Zione, kwawo ku Dwangwa, ndipo dzulo ndalonjeza pamaso pa abambo ake kuti ndiwo za alendo ndibweretsa ndine: chambo chachiwisi cha kwathu kuno ku Benga, chofika chikuzizira. Apongoziwo anangofunsa, osandiyang'ana, kuti ayisi ndimupeza kuti, poti magetsi akuzimazima chonchi. M'malo mokhala chete ngati mkamwini waulemu, ndinati ayisi sindikumufuna, nsombazo ndiziziritsa ndi moto wa minibasi.

Iwo amagwira ntchito ku fakitale ya shuga. Ndikudziwa kuti mumtima mwawo akuona ngati mwana wawo akumutaya kwa munthu wongodziwa kuliza hutala. Zimandiwawa. Ndikufuna aone kuti mutu ndili nawo.

Sikuti ndalota. Yusufu, mnzanga wokonza mafoni paboma, ali ndi timatailosi toyera tonga mabisiketi, kalikonse kali ndi mawaya awiri. Akuti mbali imodzi ikatentha, inayo ikazizira, timatulutsa magetsi. Ekizosi ya minibasi yomwe ndimayendetsa imatentha tsiku lonse mwaulere. Kutenthako kusanduke magetsi, magetsi ayendetse kafiriji kam'galimoto, kafiriji kaziziritse nsomba. Ndiye kuti moto ubereke kuzizira. Ndikazinena mokweza pena zikumveka, pena ayi.

Zofunika: timatailosi, mawaya, kafiriji kobwereka kwa Yusufu, chitsulo chamanomano ngati chipeso choti mphepo izidutsamo. Komanso amalume, eni minibasi, asadziwe.

Lachiwiri

Paboma, kwa wowotcherera zitsulo. Ndamufotokozera zonse bwinobwino, iye akungoti eya, eya, maso ali pa foni. Ndatuluka kukagula chinangwa chokazinga, pobwera ndapeza wawotcherera chipeso chija timatailosi tili momwemo. Tiwiri tapsa, tikununkha ngati tsitsi.

"Simunati timakonda moto, achimwene?"

Ndinatero, koma moto wake si umenewo. Nanga ndi uti? Nanenso sindikudziwa malire ake.

Totsalato tamanga ndi mabawuti kumapeto kwa ekizosi, chipeso chikusuzumira kumbuyo pansi pa bampala. A Banda, kondakitala wanga, munthu wamkulu wa ana asanu, akufunsa kuti bwanji osangolumikiza kafirijiko ku batire. Batire yake iti? Yomwe timaidzutsa ndi kukankha m'mawa uliwonse? Ndiponso kwa apongozi ndinanena za moto, sindinanene za batire.

Kodi mbali yolembedwa manambala ndiyo yotentha kapena yozizira? Yusufu akuti yozizira. Madzulo waimbanso, akuti mwina yotentha.

Lachitatu

Chayaka! Ndalumikiza kababu ka tochi poyesera, ndipo titangodutsa Bua ndikuthamanga, kababu kayaka. Kofiira ngati diso la nkhuku yodwala, koma kayaka. Ndinatsala pang'ono kulira.

Kenako munthu wabaya chala m'mwamba, ndaima, kababu kayamba kufooka mpaka kuzima. Ndanyamuka, kabwerera. Wina watsika, kazima. Tsiku lonse chimodzimodzi.

Apa ndiye mutu waima. Ndikaima pa siteji ekizosi imakhala ikadali yotentha moti ungawotcherepo chimanga, koma magetsi palibe. Ndikathamanga mphepo ikuchiziziritsa, magetsi alipo. Ndiye chinthuchi chimafuna moto kapena mphepo? Yusufu akuti chimafuna kusiyana kwake. Mbali zonse zikatentha mofanana chimangokhala duu. Chinthu chodya mkangano ngati chimenechi sindinachionepo.

Lero sindinaime kwa anthu angapo amene amandibaya pamsewu, kuopa kuti kababu kangazime. A Banda sakundilankhula.

Lachinayi

Okwera a pa Bua abwera ndi nsomba zawo monga mwa masiku onse. Mipukutu ya chambo ndi mpasa yapachikidwa pa magalasi onse awiri ndi pa mawaipa kuti ipitidwe mphepo. Malo atatha, bambo wina wazungulira kumbuyo, waona chipeso changa, wasangalala kuti dalaivala uyu ndi woganizira anthu. Wamangirira mlamba wake pomwepo. Ine sindinaone.

Kababu sikanayake ulendo wonse. Ndaima, ndagwedeza mawaya, ndatukwana Yusufu mumtima. Pofika pa Dwangwa agalu atatu ali pambuyo pathu, ndipo mlamba wapsa mbali imodzi, mbali inayo udakali wauwisi.

Mwini wake akuti ndimupezere wina. Mayi wina akuti ayi, ingoutembenuzani, pobwerera upsa wonse.

Zione waimba. Akuti amayi ake afunsa ngati aphike nyemba zodikirira. Ndamuuza kuti asavutike. Chifukwa chiyani ndatero? Nyemba zinandilakwira chiyani?

Lachisanu

Lero ndalumikiza kafiriji kenikeni. Ndaikamo botolo la madzi, ndathamanga kuchokera paboma mpaka kuno osaima kawirikawiri. Kafani kake kakuzungulira mwaulesi, kuchita kuwerengeka mapiko. Ndakhudza botolo. A Banda akhudza botolo. Ine ndikuti lazizirako. Iwo akuti dzanja langa ndi lomwe latentha.

Yusufu akuti timatailosi tachepa, pafunika tambiri, mwina kudzaza ekizosi yonse. Lero Lachisanu ndiye akundiuza zimenezi! Akutinso kafirijiko nakonso kali ndi katailosi komweko m'kati, kungoti kameneko kamadya magetsi n'kutulutsa kuzizira. Ndiye kuti ndagula chinthu chosandutsa moto kukhala magetsi kuti chidyetse mbale wake wosandutsa magetsi kukhala kuzizira, ndipo aliyense akudyapo zake panjira. Chofika kwa nsomba n'chiyani?

Komabe ndikathamanga osaima, mwina zitheka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Madzulo abale afika kudzagona kuti tidzanyamukire limodzi. Azakhali anga aakulu andipeza ndili pansi pa minibasi, afunsa kuti n'chiyani. Ndawayankha mwachidule kuti chimagwira ntchito ndi kutentha, kutentha kukamathawa pachabe ife timakugwira. Agwedeza mutu, akuti mwana wa achimwene ali ndi nzeru. Ndamva kukoma.

Loweruka

Chambo ndagula m'mawa kwa asodzi, chokongola, ndachitsekera m'kafiriji, kafiriji ndakaika kuseri kwa mpando wanga, pamwamba pa injini, chifukwa mawaya ndi aafupi.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: galimoto ya chinkhoswe sithamanga. Azimayi m'galimotomo akuimba nyimbo, akufuna aliyense wa m'mbali mwa msewu aone kuti tikupita kuti. Ndikaponda mafuta, ankhoswe akundigwira phewa. "Pang'onopang'ono, mphwanga, tanyamula anthu akuluakulu." Taima kutenga agogo ena omwe anali asanasambe. Taima paboma kugula lichero loiwalika. Kupitirira pang'ono, masamba pamsewu, pali maliro, nyimbo zaleka, tikukwawa. Ndipo omwalirawo ankadziwana ndi ankhoswe, ndiye tatsika kukapepesa.

Chakufupi ndi Dwangwa fungo la chinthu chopserera. Aliyense akuti akuwotcha nzimbe kumunda. Nanenso ndavomereza.

Tafika dzuwa litapendeka, ophika atatopa n'kudikira. Kumbuyo kwa minibasi kukufuka utsi. Chipeso changa chakulungidwa ndi chiguduli, pamwamba pake chitenje chakale, zomangidwa bwino ndi luzi.

"Ndinaona mphepo ikukubera kutentha kwako," akutero azakhali, akumwetulira. "Ndafundika ngati mbatata."

Ndingawakalipire bwanji? Anachita zomwe ndinawauza.

Kafiriji ndinafuna kukatsekula kuseri, koma apongozi aitana anzawo a kuntchito kuti adzaone nsomba zoziziritsidwa ndi moto. Ndatsekula. Sindilemba zambiri. Azimayi oimba aja anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, ntchentche zokha ndizo zinabwera kutsogolo.

Apongozi anayang'ana nsomba, anayang'ana ine koyamba chidziwireni, kenako anauza mwana wawo wamwamuna kuti akagwire mbuzi yomwe amasungira tsiku la ukwati. Alendo adya mochedwa. Ine nyamayo sindinailawe n'komwe. Manyazi ake sindinawamvepo chibadwire.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Ndamasula zonse. Timatailosi tasungunuka mawaya, ekizosi yabooka pomwe panali bawuti, minibasi ikulira ngati thirakitala ndipo amalume aimva ali kunyumba kwawo. Kafiriji ndatsuka ndi phulusa, ndi mandimu, ndi sopo, fungo likadalipo. Yusufu akuti ndikhale nako.

Mpaka pano sindikumvetsa. Moto unalipo wambiri, woposa masiku onse, ndipo ndiwo unapha chinthu chodya moto.

Masana ankhoswe abwera ndi uthenga wochokera ku Dwangwa. Anakhala pansi, anayamba ndi kufunsa za mvula, ine ndikuganiza kuti basi Zione wapita. Akuti ayi, ukwati ulipo, Zione wakana kumva zina. Koma apongozi apempha zinthu zochepa. Tsiku la ukwatilo mkwati adzakwere galimoto ya munthu wina, akhale kumbuyo, abwere chimanjamanja, ndipo asalonjeze kanthu kwa aliyense.

Ndavomera zonse. Ankhoswe atafika pa chipata anabwereranso, akuti anaiwala mawu a amayi ake a Zione: keke ndisadzaiyandikire mpaka nthawi yodula.