Wailesi Yaminga ya Che Uladi

Kuno ku Chikweo mukafunsa za munthu amene anabzala munga pa wailesi, ngakhale mwana woyamwa akulozerani khonde la Che Uladi. Anthu ena wailesi amaifunditsa kansalu koluka kuopa fumbi. Che Uladi yawo anaiveka mkanda, mamba a nsomba, phula la njuchi, ndi munga weniweni wa mthethe, wakuthwa ngati lilime la apongozi. Mlendo akaiona ankayamba wabwerera m'mbuyo, n'kufunsa chonong'ona ngati mwini wakeyo amaombeza.

Sankaombeza iyayi. Che Uladi anali osaona. Chikuku chinawalanda maso ali kamwana, ndipo iwo ankati sanadandaule kwenikweni, poti mbiri ya nkhope za ku Chikweo anali ataimva kale. Ntchito yawo inali yoluka mikeka ya mlaza, ndi kunyoza aliyense wodutsa, makamaka ine.

"Iwe Sadiki," ankatero akangomva njinga yanga ya matemba ikulira, "uli ndi maso awiri, koma sukulu unathawa choko chisanakudetse m'manja. Ine ndilibe ndi limodzi lomwe. Tonsefe nyuzi timakulungira nsomba. Ndiye wandiposa pati?"

Wailesiyo inali ya kaseti, yotha kuimba komanso kujambula mawu. Anabwera nayo mlamu wawo Che Sufiyani pochokera ku migodi ya ku Joni. Tsiku loipereka, Che Sufiyani anakhala pamkeka n'kuyamba uphunzitsi.

"Alamu, n'zosavuta. Zonse zalembedwa apa. Ili lofiirali ndi lojambulira, musamalidine mwachisawawa, limafufuta zomwe zili pa tepi."

Che Uladi anayendetsa chala pa mabatani onse, kupita ndi kubwerera. Onse osalala, onse ofanana ngati mano a mwana.

"Kufiirako kumamveka bwanji pachala, alamu?"

Che Sufiyani anakanda m'mutu. Ku Joni zimenezo sanawauze.

Ndiye mawa lake Che Uladi anaitanitsa phula. Pa batani loimbira anamatapo mkanda. Pa lobwezera m'mbuyo, mamba a chambo. Pa loimitsa, njere ya mpunga. Pa lofiira lija anaimikapo munga. Pofuna kujambula ankayamba avala chitsekerero cha botolo kuchala chachikulu, apo ayi magazi.

"Chinthu chofufuta mawu a anthu," ankatero, "chizikufunsa kaye ngati watsimikiza."

Makaseti nawo ankawazindikira ndi mfundo za ulusi. Koma inalipo imodzi yopanda mfundo, yokulungidwa m'kansalu, yomwe inkagona m'thumba la malaya awo. Ya imeneyo mverani.

Pa tsiku lomwe lija la uphunzitsi, Che Sufiyani atadina lofiira kuti aonetse mphamvu ya katundu wawo, kuseri kwa nyumba kunatulukira mlongo wawo Abiti Laisi, mkazi wa Che Uladi, mkwiyo uli pamphumi. Zonse zimene anayankhula zinalowa mu tepi:

"Inu Che Uladi! Mwakhalira kusisita chibokosi ngati mwakwatira wachiwiri, mbuzi zalowa m'chinangwa! Nawenso Sufiyani, anzako amabwera ndi njinga, iwe wabweretsa chinthu chodya mabatire? Dzukani inu, makutu muli nawo, mbuzi zimalira. Ndipo mukabwerako mudzadye, ndakusungirani mutu wa mlamba. Mwamva?"

Kenaka kaphwete ka kuseka, poti anali ataona kuti amuna onse awiri angoti kakasi.

Abiti Laisi anatisiya patapita dzinja limodzi kapena awiri. Chithunzi chawo chilipo, anajambulitsa ku Liwonde, koma chithunzi kwa Che Uladi chinali pepala losalala basi. Chawo chinali tepi. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankakhala pakhonde, n'kumasula kansalu, n'kufunafuna mkanda ndi chala. Mudzi wonse unkamva kuti mbuzi zalowa m'chinangwa. Mayiwo akafika pa "Mwamva?" iwo ankayankha mwaulemu, "Ndamva, Abiti Laisi," n'kuyamba kuluka.

Mabatire a m'mawa ankawasunga ngati mbewu. Mpira ukhale ukuulutsidwa, ife titadzaza pakhonde, mawu akangoyamba kufooka iwo ankatseka pomwepo, mpira uli pakhomo pa golo.

"Che Uladi, chonde, angotsala pang'ono kumwetsa!"

"Akamwetse kwawo. Dzana mkazi wanga anayankhula ngati ng'ombe yachimfine chifukwa cha inu."

Wailesi ija inasandukanso positi ofesi. Amayi omwe amuna awo anali ku Joni anatopa ndi kulembetsa makalata kwa ana asukulu, poti zachinsinsi zinkafika kuchitsime kalata isanafike ku Ntaja. Anayamba kubwera kwa Che Uladi kudzajambulitsa mawu, kaseti n'kupatsira munthu wopita. Tsiku lina kunabwera Elube, mkazi wa Abdulrazak, wamanyazi kwambiri moti ankapereka moni kwa nkhuku.

"Ndiyambe bwanji, ambuje?"

"Yamba ndi moni, mwanawe. Uyerekeze wakhala apa."

Elube anagwada pamaso pa wailesi. "Muli bwanji kumeneko, bambo a Eliza? Ife kuno tili bwino." Anapuma. "Kungoti denga likudontha." Anapumanso. "Ndipo ndamva kuti mwagula chipewa cha nthenga." Basi pamenepo mtsinje unasefukira. Anawerenga za denga, za apongozi, za mkazi wina wa ku Joni yemwe sanamuonepo koma ankadziwa ndi mayendedwe ake omwe. Wailesi inachita kuti thapu.

"Tepi yatha, mwanawe."

"Tembenuzani, ambuje. Za bulangeti sindinayambe."

Mbiri yoti pali bokosi losunga mawu a anthu inafika kwa anyamata ogulitsa makhadi a chipani. Anabwera atatu, wamkulu wawo chifuwa patsogolo.

"Madala, tamva kuti mumasunga zokamba anthu. Tikufuna timve ngati mulibe zonyoza boma."

"Dinani nokha, bwana. Inu muli ndi maso."

Mnyamata uja anasankha lofiira, poti linkafanana ndi malaya ake. Analumpha ngati waponda moto, chala chili m'kamwa. Che Uladi anapepesa ndi nkhope ya shehe, n'kutulutsa kaseti ya m'kansalu, n'kuiimba. Mawu atangoti "mbuzi zalowa m'chinangwa!" anyamata awiri aja anali kale kumunda, miyala ili m'manja. Wamkulu uja, pofuna kutola ulemu wake, anafunsa kuti, "Nanga mayi akukalipawa khadi ali nalo?"

"Kumene aliko safunsa," anatero Che Uladi.

Chilimwe china wailesi inadwala. Mabatani anayamba kukakamira, ndipo inatafuna kaseti ya nyimbo mpaka kuilavula ngati matumbo a nkhuku. Che Uladi anachita mantha. Ya m'kansalu sanayerekeze kuiikamo. Anatuma mwana wawo Zaina kuti akakwere sitima ku Nayuchi, apite nayo ku Balaka kwa Yotamu, wokonza mawailesi pakhonde la sitolo ina, yemwe ankatchuka kuti amadzutsa ndi zakufa zomwe.

Masabata amenewo mudzi unazizira. Mikeka inayamba kutuluka yokhota. Ine ndinawamvera chisoni, ndiye m'mawa wina ndinabisala kuseri kwa nyumba, n'kufinya mphuno, n'kukuwa ndi mawu achizimayi: "Inu Che Uladi, mbuzi zalowa m'chinangwa!"

"Sadiki," anatero osatembenuka n'komwe, "mkazi wanga sankanunkha matemba."

Tsono Yotamu anali munthu wabwino, ndipo ubwino wakewo ndi umene unatipweteka. Atangoigwira wailesi, munga unamulasa. Anayang'ana phula lakuda, mamba a nsomba, mpunga, n'kuganiza kuti ana akumudzi amaiseweretsa. Mzere wa mabatani unali utathyoka m'kati, ndiye anauchotsa wonse n'kuikapo wina wochokera ku wailesi yakufa, womwe mabatani ake anandandalikidwa mosiyana. Anaipukuta mpaka kuwala, n'kuikulunga bwinobwino m'pepala. Zoti mwini wake saona, Zaina sananene. Akananena bwanji? Kwathu kuno palibe anafunikapo kuuzidwa zimenezo. Zili ngati kuuza munthu kuti m'nyanja ya Chiuta muli madzi.

Zaina anafika masana, n'kupereka phukusi kwa bambo ake, n'kuthamangira kuchitsime. Che Uladi anamasula pepala. Anayendetsa chala. Posalala. Anayendetsanso. Mkanda palibe, munga palibe.

Akanadikira, inde. Nafenso tinatero pambuyo pake, poti wopenyerera bawo salephera. Koma munthu anali atakhala nthawi yonse ija osamva mawu a mkazi wake, kaseti ikumutentha pachifuwa. Anaiikamo. Anawerenga ndi chala kuchokera kumanzere mpaka pomwe mkanda unkakhala, n'kudina.

Ine ndinatulukira ndi njinga yanga n'kuwapeza atawerama, khutu lili pa wailesi, akuyankhula nayo motsitsa. Zilembo ine ndi adani, koma chofiira ndimachidziwa.

"Che Uladi! Lomwe latsikalo ndi lofiira!"

Sanafunefune loimitsa. Anaitembenuza n'kuzula mabatire ndi zikhadabo. Kenaka anangokhala, manja ali pamaondo.

Zaina atabwera anabweza tepi n'kudina poyenera. Munamveka tambala. Munamveka mphepo. Kenaka mawu a Che Uladi:

"Abiti Laisi? Ndine. Mwakwiya kuti ndinakusiyani m'nsalu nthawi yonseyi? Sikunali kufuna kwanga, bokosi linadwala. Yankhulanitu, mayi. Ngakhale kundikalipira kumene. Mbuzi zija ndinazimanga."

Munamveka belu la njinga, ndi ine ndikukuwa ngati wogwa m'chitsime. Kenaka kuti kwatsa. Ndiyeno, patali pang'ono, mawu aja:

"...mudzadye, ndakusungirani mutu wa mlamba. Mwamva?" Ndi kuseka kuja.

Zaina anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Bambo ake anati, "Bweza." Anabweza. Tinamvanso zonse. Itafika kumapeto iwo anati, "Ndamva, Abiti Laisi." Kenaka anapapasa mpaka kupeza mutu wa mwana wawo.

"Usalire, iwe. Za mbuzi ndi zomwe zapita. Chakudya andisungirabe."

Nkhani inafika ku Balaka, ndipo Yotamu anatseka ntchito n'kubwera yekha, chipewa chili m'manja. Anagwada pakhonde osadziwa poyambira. Anapempha kaseti ija, n'kuthyola kadzino kena kumsana kwake.

"Agogo, kameneka kakachoka, lofiira silitsikanso. Palibe angafufute."

"Nzeru imeneyi inali kuti zaka zonsezi?"

"Imalembedwa pa kapepala ka m'kati mwa kaseti."

"Ehe," anatero Che Uladi. "Zonse amalembera inu."

Sanamukalipire kupitirira apo. Anamutuma kukathyola munga, ndipo awiriwo anakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka, wina akutchula batani, wina akumata. Yotamu analasidwanso kawiri, ndipo Che Uladi anati mlandu watha. Mukapita ku Balaka lero mukakonzetsa wailesi kwa Yotamu, muipeza ili ndi kadontho ka phula pa batani lofiira. Mukafunsa, akuuzani kuti n'chidindo cha kampani.

Kuyambira pamenepo m'mawa wa ku Chikweo unasintha. Tinkayamba kumva mwamuna akuchonderera, kenaka mkazi akumuitanira chakudya. Che Uladi ankati tepi yakhala bwino kuposa kale. "Poyamba ankayankhula yekha. Tsopano tikucheza. Kungoti pakati pathu palowa Sadiki ndi njinga yake, monga mwa masiku onse."

Che Uladi anatisiya dzinja lapitali, chimanga chili m'munda, mkeka uli theka. Jeneza la maliro awo linanyamulidwa ndi anthu ochuluka moti ena anangoligwira ndi chala. Elube analira kuposa achibale.

Panopa khonde lija lili zii. Ndikamadutsa ndi matemba ndimaliza belu dala, ndipo palibe amandinyoza; ndimafika kumsika thupi lonse likuyabwa ngati sindinasambe. Amayi abwerera kwa ana asukulu, zinsinsi zabwerera kuchitsime. Mpira timamvera kwina, mpaka kumapeto, ndipo sukoma. Mbuzi nazo zimalowa m'chinangwa mwaufulu, poti palibe wozinenera.

Pa sadaka yawo, anthu atadya, Zaina anatulutsa wailesi n'kuiika pa mkeka wosatha uja. Anamasula kansalu, n'kupeza mkanda ndi chala monga ankachitira bambo ake, ngakhale iye maso ali nawo. Tambala analira. Che Uladi anaitana mkazi wawo, n'kumuuza kuti mbuzi anazimanga. Ine ndinakuwa ndi njinga yanga, ndipo anthu anaseka pang'ono. Kenaka Abiti Laisi anati mutu wa mlamba ulipo, n'kufunsa kuti, "Mwamva?"

Tonse tinatembenukira pakona ya khonde, pomwe khoma linachita kuda ndi msana wawo. Tepi inkangozungulira. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhire, koma Che Sufiyani anandigwira pabondo.

"Asiye, Sadiki," anatero. "Akayankhira konko."