Mafunso a Pamsika

Lolemba

Mulungu sagona! Ndikubwereza, Mulungu sagona!

M'mawa uno ndikusesa pakhomo pa kashopu kanga ka fotokope, kumbuyo ndikumva "Odi mayi." Kucheuka, a Mwamvatu. Iwo enieni. Mimba yatsogola, tsitsi lathawira kunkhongo, koma mawu ndi omwe aja.

Ndilembe bwinobwino, ana anga adzadziwe kuti sindinayambe ndine. Mwamvatu si dzina lawo la paubatizo. Tinawapatsa ndife ku sekondale, chifukwa sangamalize chiganizo osanena kuti "mwamvatu?" Ankatiphunzitsa jogalafe ku fomu fili. Tsiku lina ndinakweza mkono n'kufunsa kuti chimanga chathu chikangowoloka boda, bwanji mtengo umasintha pomwe chimanga ndi chomwecho. Yankho lake: "Iwe, mafunso a pamsika uzikafunsa kumsika. Mwamvatu?" Kalasi yonse kugwa nako kuseka. Kuyambira pamenepo dzina langa linasanduka Pamsika mpaka kutuluka fomu folo. Mkono wanga sunakwerenso m'kalasi. Pa Kamwendo alipo ena mpaka lero amandikuwa dzina limenelo minibasi ikaima.

Tsopano bambowa ndi lekichala pa nthambi ya yunivesite yomwe anatsegula kuno ku boma, kuseri kwa shopu yanga. Amaphunzitsa za malonda a pakati pa mayiko. Malonda! Munthu wonyoza msika!

Abwera ndi chifayilo choti ndiwachitire fotokope. Akufuna kukwezedwa udindo, ndipo zikakanika kontilakiti yawo ithera pomwepa, azipita. Akufotokoza okha ine osafunsa. Akuti pamafunika zitatu:

- ophunzira alembe maganizo awo pa kaphunzitsidwe kawo, osaikapo dzina
- chifayilochi chipite ku Lilongwe
- Lachisanu akuluakulu abwere, akhale kumbuyo kwa kalasi, aone okha ngati munthuyu amathadi kuphunzitsa

Kani aphunzitsi nawonso amalemba mayeso! Bwanji sankatiuza?

Sanandizindikire n'pang'ono pomwe. Zili bwino. Adzandidziwa Lachisanu.

Lachiwiri

Lero ndi tsiku la maganizo a ophunzira. Ambiri mwa iwo ndi aphunzitsi a kupulayimale ofuna digiri, anthu a mabanja awo. Bolopeni amagula kwa ine. Aliyense wolowa ndikumuthira kamchere kukhutu: "Koma a lekichala anuwa, munthu akafunsa funso amayankha?"

Woyamba: "Bola iwowo achemwali, ukachedwetsa asayimenti nthawi yokumba mtedza amamvetsa."

Wachiwiri: "Anabwera pamaliro a apongozi anga, anakhala mpaka kumanda."

Wachitatu, kapepala kali kumanja: "Ine ndangochonga zabwino paliponse, minibasi ingandisiye."

Kuyesa mphunzitsi kwake n'kumeneku? Kupita kumaliro kwasanduka kaphunzitsidwe? Anthu awa ndiye akuphunzitsa ana athu!

Koma wachitatu yemweyo, ali pakhomo, wandisiyira mphatso osadziwa. Lachisanu pafupifupi onse atumidwa kukayang'anira mayeso a sitandade eyiti. M'kalasi mutsala anthu osadzaza ndi benchi imodzi yomwe. Akuluakulu achoke ku Lilongwe konse kuja kudzaonerera munthu akulalikira mabenchi! Ndaseka mpaka makina atafuna pepala la kasitomala.

Kunyumba amayi akuti: "Mwana iwe, nkhani ya kalekale. Mtima wakowo ndi nkhokwe, sutaya kanthu." Inde amayi. Nkhokwe yotaya zinthu ndi yobooka.

Lachitatu

A Mwamvatu abweranso, thukuta kamukamu, mpango uli kumanja. Akunong'ona ngati osintha ndalama a paboda.

"Mayi, inu mumadziwana ndi anthu ambiri pano. Simungandipezereko ena ooneka bwino, adzangokhala pamabenchi Lachisanu? Kungokhala basi. Mwamvatu?"

Ndamva, a Sala. Ndamva kwambiri!

Mpeni andipatsa okha, khosi andilozeranso okha. Ine ndilakwa chiyani?

Gulu langa ndi ili:

- Esinati, msuweni wanga, amagwira ntchito kwa ejenti wotulutsa katundu paboda
- a Yohane a kabaza, amene amandinyamula m'mawa uliwonse
- a Saidi a golosale yoyandikana ndi ine
- amayi a kwaya anzawo a amayi anga, odziwa kutchena

Malamulo ndawauza momveka. Akati "mwamvatu?", tonse zii. Akafunsa funso, maso kudenga. A Yohane agone, ndipo mkonono ukatheka ndi bwino. Kumapeto ndiimirire ine ndi funso langa lija la chimanga. Anenenso za pamsika zija pamaso pa mabwana awo tione.

Pamsika ndi dzina la kale. Lachisanu ndi langa!

Lachinayi

Kuyeserera kuseri kwa shopu titatseka. Ine ndine a Mwamvatu, ndalowetsa pilo mu bulauzi.

Ndikuti "mwamvatu?" Amayi a kwaya onse pamodzi: "Eee!" Mpaka mawu oyamba ndi achiwiri, ngati pa ukwati. Tibwereze. "Eee!" Tibwerezenso. Mmodzi wagwira pakamwa ndi chitenje koma yatulukabe. Wamkulu wawo akuti: "Mwana wanga, munthu wamkulu akafunsa sungangoti duu. Si ulemu."

A Yohane atulukira atavala jekete ndi tayi zobwereka, njinga akukankha kuopa kudetsa. "Achemwali, kulowa mu yunivesite kamodzi pa moyo wanga wonse, ndiye ndikagonemo? Ana anga ndikawauza chiyani?" Akufuna Esinati adzawajambule pafoni ali pabenchi, bolopeni kukhutu.

Esinati wagula kope. Kope! Kwa ine ndemwe! "Nkhanizi ndi za kuntchito kwanga, mwina ndingatoleko kena." Msuweni ndi wa pa ukwati ndi pamaliro basi, pankhondo osamudalira.

A Saidi akuti munthu amene amagula buledi kwa iwo tsiku lililonse sangamuchititse manyazi. Abwera, koma nthawi ya swala ikakwana atuluka kupita kumzikiti. Bola awa. Kutuluka ndi kutuluka. A ku Lilongwe adziwa bwanji chifukwa? Adzati wophunzira wathawa kutopa.

Ndiye ndatsala ndekha ndi funso langa. Palibe vuto. Chipambano sindigawana ndi munthu. Ndaliloweza m'Chizungu, ndikulinena posamba, pophika, pokolopa. Amayi akuganiza kuti ndikupemphera.

Lachisanu

Galimoto ya ku Lilongwe yafika. Atsika awiri: bambo wowonda wonyamula chikwama, ndi mayi pulofesa, magalasi ali pansonga ya mphuno, nsapato zafulati, osaseka ndi munthu. Ndawakonda pomwepo. Awa aluma.

Kalasi yadzaza. Amayi a kwaya yunifolomu asiya kunyumba koma akhala monga amaimira kutchalitchi, a mawu oyamba kutsogolo. A Yohane ali njo ngati mkwati.

A Mwamvatu ayatsa pulojekita. Tsamba loyamba lisanaoneke bwino, magetsi azima. Aleluya! Phunziro lonse latsekeredwa mu laputopu. Nkhope yawo ngati ya munthu amene amupeza ndi katundu pansi pa mpando paboda.

Atola choko. Chizungu chokonzekera chija chapita ndi magetsi, akusakaniza ndi Chichewa. Ajambula mzere pabolodi: uku kwathu, uku Mwami, tsidya la boda. "Mwamvatu?"

"Eee!"

Pulofesa akulemba. Zoipa, sindikukayika.

Sindidikiranso kumapeto. Mkono m'mwamba, koyamba chichokereni fomu fili. Ndaponya funso la chimanga, lonse, osaphonya liwu. Ndikudikira za pamsika zija.

"Funso limeneli ndiye phunziro lonse la lero," akutero. Akuyamba kufotokoza za komwe chimanga chasowa, za msonkho, za mayendedwe, za ndalama ziwiri zosiyana mphamvu. Munthu uyu! Ndiye kuti yankho anali nalo nthawi yonseyi?

Ndaponya lina. Abweza. Lina. Abweza. Ndaponya lina loti ngakhale ine mwini sindikudziwa kumene likupita, la osintha ndalama, kuti bwanji mtengo wa m'mawa ndi wa masana umasiyana. Aima. Akanda pomwe panali tsitsi.

"Limenelo sindikulidziwa bwino. Alipo muno wogwira ntchito kuboda?"

Avomera kusadziwa! Pamaso pa mabwana! Ndatsala pang'ono kudula chitelele.

Esinati waimirira ndi kope lake. A Yohane akumutsutsa, akuti matumba ena geti la paboda saliona n'komwe. Amayi a kwaya alowerera ndi nkhani ya zitenje za ku Chipata. Phokoso ngati tsiku la msika pa Kamwendo, a Mwamvatu ali pakati akuloza uyu, kuloza uyo, kulemba pabolodi. A Saidi aimirira kuti azipita. Ndati eya, nayo nthawi. Koma apempha kaye mwaulemu, ndipo a Mwamvatu akuti "Pitani bwino, mukatikumbukire." Pulofesa atembenuza pepala, akupitiriza kulemba. Bambo wowonda uja naye wakweza mkono, akufuna kufunsa. Chisokonezo chenicheni. Watha munthu uyu!

Titatuluka pulofesa andiitana pakhonde, anthu onse akuona.

"Ndakhala kumbuyo kwa makalasi ambiri, mwana wanga. Ambiri kumakhala ngati kumanda. Mphunzitsi timamudziwa ndi mafunso a ophunzira ake. Anthu ngati inu ndi amene yunivesite imawafuna. Muli chaka chanji?"

Pamenepa ndiye pake. Ndingoti, "Madamu, ine ndi wa fotokope, awo ndi a kabaza, awo ndi a kwaya," basi a Mwamvatu akwera minibasi ndi mimba yawo. Ali chapotero, choko chidakali kumanja. Akundiyang'ana ngati mbuzi ya pa Khirisimasi.

Koma pulofesa wa ku Lilongwe wanditcha munthu wofunidwa ndi yunivesite. Ine. Pamsika. Ndipo aliyense wamva.

"Chaka chachiwiri, madamu."

Pakamwa panga! Pakamwa panga pomwe!

Loweruka

Tiyeni tinene zoona, amene wapambana dzulo ndine. Ndani anayamikiridwa pakhonde? Ndani anafunsa mafunso mpaka lekichala kukanda dazi? Boma lonse likudziwa. Wa nyama kumsika wandipatsa moni wa "a chaka chachiwiri". A Yohane tayi akukana kuvula, akupalasa nayo, akuuza aliyense wokwera za ndalama ziwiri zosiyana mphamvu.

Esinati akuti anamva yekha pulofesa akutsanzika: kalasi yotere sanaione chaka chino, zotsalazo n'zongosayinira. Ndiye kuti a Mwamvatu akwezedwa. Chabwino. Akwezedwa ndi ine. Popanda mafunso a pamsika bwenzi pano akumanga katundu. Zimenezi adzafa nazo pamtima.

Masana a Mwamvatu atulukira ndi nkhuku kukhwapa, yaikulu ndithu, yachikuda.

"Mayi, mwandipulumutsa. Koma ndifunseko, sekondale munaphunzira kuti? Amene anakuphunzitsani kufunsa chonchi, ameneyo ndiye mphunzitsi."

Ndaika tsache pansi. Ndatchula sukulu. Ndatchula fomu fili, jogalafe, desiki ya pawindo. Ndatchula chimanga. Ndatchula dzina lija, pang'onopang'ono, kuti lilowe bwino: Pa-msi-ka.

Andiyang'anitsitsa. Ndati eya, tsopano manyazi awagwire, apepese atagwada, ine ndiganizire kaye.

Nkhope yawala.

"Aa! Zoona? Ndiye kuti ndinu chipatso changa! Ndikanadziwa ndikanakulembani mu fayilo ija!"

Za dzina sakukumbuka. Za kuseka kwa kalasi sakukumbuka. Akuti ulendo wina wokwezedwa adzanditchula monga umboni. Nkhuku aisiya pa makina a fotokope, apita akuimba mluzu.

Lamulungu

Sindinatsegule shopu. Kutchalitchi amayi a kwaya pondiona onse: "Mwamvatu?" kenako okha kuyankhana "Eee!" mpaka abusa kucheuka.

Zomwe sabata ino yabala:

- a Mwamvatu, udindo watsopano
- Esinati, akufunsa za mafomu olowera sukulu, akuti tikatenge limodzi
- a Yohane, chithunzi chomwe achimata kale pachikwama cha njinga
- a Saidi, kasitomala wawo wa buledi sachoka
- ine, chaka chachiwiri cha yunivesite yomwe sindinalembetseko, ndi nkhuku

Kukhululuka sindinakhululuke. Wina asandinamizire. Munthu sungamukhululukire mlandu umene iye sakuudziwa, ndiye ndiusungabe, nkhokwe idakali ndi malo.

Chondiwawa kwambiri si udindo wawowo ayi. N'chakuti yankho la chimanga lija ndinalimva, lonse, kamodzi kokha, popanda ndi magetsi omwe. Munthuyu amatha kuphunzitsa. Pulofesa sanalakwitse. Izi zithere m'buku muno.

Amayi akuti ngati mtima udakali wakuda, nkhuku ndibweze kwa eni ake. Ayi amayi, nkhuku ilibe mlandu. Anyezi ndagula kale.

Ndaigoneka kuseri kwa khitchini, phazi langa pamapiko. Ndisanaike mpeni ndaifunsa: "Mwamvatu?"

Zii.

Sabata yonseyi, amene watsatira malamulo anga ndi iyi yokha.