Dimba Linapita Kukaonekera kwa Tabuleti

M'mudzi wina, umene sindiutchula dzina chifukwa ndidakali ndi achibale kumeneko, muli sukulu ya pulayimale imene kalasi yake ya Sitandade 5 inali ndi zipupa zinayi, bolodi labwino ndi denga la Mulungu. Malata ake anapita ndi mphepo chaka china, osatsanzika. Mphunzitsi wa kalasiyo, mayi Elube Nankhoma, ankaphunzitsa diso limodzi lili pabolodi, lina kumitambo.

Ndiye kunabwera bungwe lina la m'tauni ndi tabuleti imodzi, ija imaoneka ngati foni yonenepa. A bungwewo anati ana asamangoloweza za m'buku. Agwire ntchito yeniyeni ndi manja awo, aziijambula ndi tabuletiyo, ndipo sukulu imene idzachite bwino idzalandira malata mvula isanagwe. Mayi Nankhoma atangomva zoti malata, tulo tinawathawa. Sabata yomweyo ana awo analima dimba kuseri kwa sukulu, n'kubzala mpiru ndi matimati.

Tsoka lake, tabuletiyo inafikira m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, bambo Mtalimanja, munthu amene mipando ya pabalaza pake idakali m'mapulasitiki chigulireni. Nonse mukuudziwa mwambo wathu: mbale zabwino n'za alendo, zimagona m'kabati, eni nyumba n'kumadyera m'zopindika. A Mtalimanja anaitembenuza uku ndi uku, anaona kunyezimira kwake, n'kugamula kuti chinthu chotere si cha ana odya mango osasamba m'manja. Anaitsekera m'kabati ya mu ofesi, pulasitiki ili chivalire, pamwamba n'kuifunditsa kansalu koluka.

Popeza mutu umodzi susenza denga, anakhazikitsa Komiti Yaikulu Yoona za Umoyo wa Tabuleti. Wapampando anali a Dzimbiri, amene anasankhidwa chifukwa mlamu wawo anagwirapo ntchito m'sitolo ya mawayilesi. Munalinso Mlangizi wa za Fumbi, komanso Mkulu Wosunga Kiyi, amene ankaimangirira kiyiyo m'chiuno ngati chithumwa.

Kuti ana asatsalire pa zamakono, komiti inalamula kuti aliyense adule katoni yofanana ndi tabuleti n'kuikongoletsa ndi makala. M'mawa uliwonse Sitandade 5 inkatsikira kudimba, kuloza makatoni ku mpiru, n'kunena ndi pakamwa kuti "khetye". Ena anafika pa ukatswiri wokulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Wina mpaka analangidwa chifukwa choonera mpira pakatoni nthawi ya masamu.

Mpiru unatambasuka, matimati anayamba kufiira, mitambo nayo inayamba kusonkhana. Mayi Nankhoma anapita ku ofesi kukapempha tabuleti, anauzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapitanso, anauzidwa kuti Wosunga Kiyi wapita kumaliro kutsidya, kiyi ili m'chiuno. Pamapeto pake kudekha kunawathera.

"Ahedi, ine ndatopa nako kuphunzitsa ana akunyowa," anatero. "Tandibwerekani kanthawi pang'ono chabe, tikajambule dimbali, ndibweza ili bwinobwino."

"Amayi, mukufuna katundu ameneyu akaime padzuwa? Akagwera m'matope ayankhe ndani?" anafunsa a Mtalimanja. "Nkhaniyi ndi ya komiti."

Komiti inakhala tsiku lonse, thobwa mpaka kutha m'ndowa. Dzuwa litapendeka, nzeru zinawatsikira a Dzimbiri. Anakumbutsa anzawo kuti kwathu kuno wamng'ono ndiye amapita kwa wamkulu, ndipo sizinamvekepo kuti mlendo wolemekezeka n'kunyamuka kukalonjera ndiwo zamasamba. Choncho ngati dimba likufuna kujambulidwa, dimbalo libwere lokha ku ofesi. Komiti yonse inawomba m'manja, ndipo Mlangizi wa za Fumbi anati nzeru zotere n'zosowa ngakhale m'tauni.

Mayi Nankhoma anayesa kufotokoza kuti mpiru ukazulidwa subwereranso m'nthaka. Anauzidwa kuti asankhe, dimba kapena denga. Mtima unawawawa, koma anayang'ana kumwamba n'kusankha denga.

M'mawa mwake ana anazula mpiru ndi mizu yomwe, matimati pamodzi ndi timitengo tochirikizira, n'kundandalika pakhomo pa ofesi. Dimba lonse linalowa, n'kukhala pansi mwaulemu. Kiyi inamasulidwa m'chiuno, kansalu kanachotsedwa, ndipo a Mtalimanja anadina kabatani ka m'mbali ndi chala chokulunga m'mpango. Tabuleti sinayake. Anadinanso, zii. Mlangizi wa za Fumbi ananong'ona kuti mwina yanyansidwa ndi fungo la manyowa. Palibe anali atakumbuka kuti chinthucho chimafuna kutchaja, ndipo chifikireni chinali chisanalawe moto. Sola yotchajira inalipo kwa wometa tsitsi pamsika, koma kupita nayo kumeneko kunali kuitulutsa panja, zimene malamulo a komiti ankaletsa. Pofika masana mpiru unali utafota, ndipo mbuzi za a Dzimbiri zinathandiza kusesa mu ofesi.

Kunena zoona, mayi Nankhoma ndinawamvera chisoni. Dimba lapita, chithunzi palibe, mvula ili pafupi, ndipo tsiku loyendera sukulu linakwana. Anakonza mawu opepesa, n'kumawabwereza njira yonse ngati mwana wa katekisimu.

Bwana wa bungwe, Mlangizi Wamkulu wa Maphunziro Amakono, anatsika m'galimoto nkhope ili ndwii. Anali atazungulira sukulu zina kumene ana anachita zachipongwe zosaneneka: anagwiritsadi ntchito matabuleti. Ina inali ndi mng'alu, ina madontho a phala, ina yodzaza ndi zithunzi za nkhuku ndi makola mpaka kusowa poika zina. Kabati ya a Mtalimanja itatsegulidwa, bwanayo anaona tabuleti ili phee m'pulasitiki, yopanda ngakhale chidindo cha chala. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ahedi, dziko lonse likanakhala ngati inu, bwenzi zipangizo zathu zikukhalitsa," anatero. "Malata ndi anu."

Za dimba sanafunse n'komwe. Mayi Nankhoma anameza mawu awo opepesa aja, n'kuimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Malata anabwera, akalipentala anakhoma, ndipo Sitandade 5 inawala ngati tchalitchi chatsopano. Makolo ankachita kupatuka panjira kudzaliona dengalo.

Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, ana anathamangira m'kalasi mwawo akuseka, mayi Nankhoma ali pambuyo ndi choko. Anapeza chitseko chatsopano, pachitsekopo pali loko. Komiti inali itazindikira kuti ofesi ya ahedi imadontha pakona, ndipo chipinda chosadontha pasukulu ponse chinali chimodzi chokha. Tabuleti, imene inabweretsa malatawo ndi thukuta lake, inali itasamukiramo pamodzi ndi kabati ndi kansalu kake.

Mayi Nankhoma anatenga ana awo n'kupita nawo pansi pa mtengo wa mango, kumene anapitiriza phunziro la kufunika kwa ndiwo zamasamba m'thupi. A Mtalimanja anasuzumira pawindo, n'kuona ana onse atasenza makatoni awo aja pamutu kutchinga mvula. Anamwetulira, n'kukodola a Dzimbiri.

"Mwaona, a Wapampando? Tsopano mwana aliyense akugwiritsa ntchito tabuleti yake."